Azakhali Ankakangana ndi Kanema

Azakhali anga ankaonera kanema ngati munthu amene waitanidwa kudzaweruza mlandu. Sankakhala phee ayi. Ankaloza chala, kuwomba m'manja, kudzuma, ndipo zikafika povuta ankaimirira n'kumanga chitenje mwamphamvu ngati akufuna kulowa m'tivimo kuti akaleretse ndewu.

Anali mlongo wawo wa bambo anga. Awiriwa anawoloka kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, ine ndili wamng'ono moti za ulendowo sindikumbukira kanthu. Tinakhazikika kufupi ndi Chiromo, m'dera la Mlolo. Mayi anga anamwalira ndisanathe msinkhu, choncho amene anandilera ndi azakhaliwo. Ukwati wawo unali utatha kale kwawoko ndipo sankafuna kumva za mwamuna wina. Ankalima mbatata ndi chimanga kudimba n'kumagulitsa pamsika. Chichewa ankachilankhula bwinobwino, koma mtima ukakwera chinkawathawa n'kutsala Chisena chokhachokha.

Kuseri kwa msika kunali vidiyo. Tonse tinkangoitchula choncho. Chinali chisakasa cha mabango ndi mphasa, chofolera malata akale odontha, m'kati muli mabenchi a matabwa osapala, kutsogolo tivi ili pathebulo lalitali. Jenereta inkalira kuseri. Chakumadzulo munkadzaza anyamata ndi amuna oonera za karate ndi zankhondo. Koma tsiku la msika masana, ogula akayamba kuchepa, mwini wake ankaika mafilimu a ku Nigeria, ndipo imeneyo inali nthawi ya amayi. Mwiniyo anali bambo wonenepa, wosakonda kulankhula, amene ankangokhala pakhomo ndi kansanza kopukutira thukuta.

Amene sanakhaleko kuchigwa kuno sangamvetse kutentha kwa m'chisakasa chija. Tinkalowa ndi madengu athu, otsala ndi malonda akulowa nawo, ana akuvulidwa malaya, aliyense akudzikupiza ndi chidutswa cha katoni. Munkanunkha nsomba zowamba, thukuta ndi utsi wa jenereta. Komabe sindikumbukira mayi ndi mmodzi yemwe amene anatulukapo filimu ili pakati chifukwa cha kutentha.

Azakhali anali ndi malo awo, benchi yachiwiri kuchokera kutsogolo, ndipo kumanzere kwawo kunkakhala mnzawo wapamtima. Ameneyu anali mayi wochepa thupi, wa mawu otsika, wogulitsa milamba yowamba. Ali mtsikana anagwirapo ntchito ya m'nyumba kwa bwana wina ku esiteti ya nzimbe, ndiye Chingerezi ankachimvako pang'ono. Azakhali sankamva ngakhale liwu limodzi. Koma zimenezo sizinkawaletsa kufotokozera chisakasa chonse zimene zikuchitika.

"Mwamuona uyu? Ndi mkazi wachiwiri ameneyu, wabwera kudzalanda nyumba," ankatero.

"Ayi anzanga, ndi mlongo wake wa mwamunayo. Wangonena kumene," mayi wa milamba ankayankha modekha.

"Nkhabe, ayi ndithu! Mlongo amayang'ana mlongo wake ndi maso amenewo? Inu mverani mawu anuwo, ine ndikuona maso."

Apo amayi ena ankagawikana, ena mbali ya azakhali, ena mbali ya mnzawo. Phokoso likakula, mwini vidiyo ankadzuka pang'onopang'ono, kuimitsa tepi, n'kuima chete atagwira m'chiuno mpaka titatonthola. Nthawi zina filimu ikamatha zinkapezeka kuti azakhali ananena zoona. Nthawi zambiri zinkapezeka kuti anaphonya. Zikatero sankagonja. Ankati opanga filimuwo ndi amene aiwononga nkhani, ikanayenera kutha monga ananenera iwo.

Tsiku lina tinkaonera ya mayi wina amene anathira mankhwala m'chakudya cha mwamuna wake. Tonse tinamuona akuthira. Mwamunayo anafika, anasamba m'manja, anakhala pansi, anatapa chakudya. Azakhali anali ataimirira kale.

"Leka kudya! Leka kudya, iwe!" anafuula m'Chisena.

Dzanja la mwamunayo lili m'mwamba, jenereta inatsokomola n'kuzima. M'chisakasa munangotsala timizere ta dzuwa tolowera m'mipata ya mphasa. Mwini vidiyo anati mafuta atha, ndipo pamsika ponse panalibe wogulitsa tsiku limenelo. Tepiyo inali yobwereka, inabwerera kutsidya ku Bangula mawa lake, ndipo sitinaionenso. Pobwerera kunyumba, tikuyenda m'mbali mwa njanji, azakhali anati munthuyo anadya ndipo anafa, chifukwa amuna samva. Mnzawoyo anati ayi, kunabwera mwana kapena galu n'kugubuduza mbale, mafilimu amenewa sapha mwamuna nkhani isanafike pakati. Mkangano umenewo sunathe. Ankauyambiranso kudimba, kuchigayo, ngakhale kuseri kwa nyumba ya maliro akusenda mbatata za anthu olira.

Mkulu wina wa mpingo wathu anabwerapo kunyumba kudzawalangiza kuti mayi wachikhristu sayenera kumapezeka m'malo ngati amenewo. Azakhali anamuyalira mphasa, anamupatsa madzi, anamumvetsera mpaka anamaliza. Kenako anati, "Abambo, m'menemo mfiti zimagonja ndipo amapambana ndi abusa. Tsiku lina mudzabwere, mudzatoleko ulaliki." Mkuluyo anaseka osafuna, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Ine ndinakulira pa benchi imeneyo, poyamba ndikukhala pansi pamiyendo pawo, kenako pambali pawo. Nditakwatiwa ndinasamukira ku boma, ku Nsanje, kumene amuna anga ankagwira ntchito yoyendetsa galimoto, ine n'kumasoka zovala pakhonde la sitolo ina. Ndinkabwerera kumudzi mwa apo ndi apo, ndipo ndinkayesetsa kuti ulendo wanga ugwere tsiku la msika.

Ulendo wina ndinapeza zinthu zitasintha. Matepi anali atatha, kunabwera timadisiki, ndipo mafilimu ankabwera omasuliridwa kale m'Chichewa. Mnyamata mmodzi wa m'tauni ankalankhulira aliyense, mwamuna, mkazi, mwana, nkhalamba, akuponyamo nthabwala zake ndi kupereka moni kwa anzake. Amayi ambiri anakondwa chifukwa tsopano ankamva zonse. Azakhali ndi mnzawo ankalowabe, koma ndinaona kuti ayamba kukhala chete nthawi yaitali.

"Munthu uyu akulankhula zonse yekha. Nanga ife tabwera kudzatani?" anandinong'oneza azakhali.

Posakhalitsa anapeza njira. Anayamba kukangana ndi womasulirayo. Ankati akunama, mayi uja sananene zimenezo, taonani nkhope yake. Ndipo kwa nthawi yoyamba mnzawo wa milamba anali mbali yawo, chifukwa pansi pa mawu a mnyamatayo ankamvako Chingerezi chenichenicho, ndipo ankatsimikiza kuti zoonadi mnyamatayo akuwonjezera zake. Koma kugwirizana sikunkawakomera ngati kutsutsana. Filimu ikatha ankayambanso ya mwamuna wa chakudya uja.

Kenako kunabwera madzi. Kwathu madzi si mlendo, chaka ndi chaka ankalowa m'madimba n'kubwerera. Koma a chaka chimenecho sanabwere ngati enawo. Azakhali anapulumukira pachulu pamodzi ndi mbuzi za anthu ena mpaka bwato linawapeza. Madzi ataphwa, pamene panali nyumba yathu panali mchenga, ndipo pamene panali vidiyo sipankadziwika n'komwe. Mwini wake anapita kwa abale ake ndipo sanayambirenso. Mayi wa milamba anatengedwa ndi mwana wake wamwamuna kupita kumtunda, kumene anthu ambiri a kwathu anapatsidwa malo atsopano. Bambo anga anali atamwalira kale, choncho ine ndinawoloka kukawatenga azakhali. Anabwera ndi chitenje chimodzi ndi poto amene anamupeza atakodwa mumtengo.

Kunyumba kwathu ku boma tinali ndi tivi. Ndinkaganiza kuti mwa zonse zimene anataya, ichi chokha ndingathe kuwabwezera. Ndinawaikira mpando wabwino, ndinawapezera mafilimu a mtundu umene ankaukonda. Anaonera mwaulemu ngati mlendo amene wapatsidwa chakudya chosazolowera. Filimu isanafike pakati ndinkawapeza atagona, mutu uli pambali. Tsiku lina ndinawafunsa ngati sakuwakonda.

"Ndi abwino, mwanawe," anatero. "Koma ndikalankhula, andiyankhe ndani? Iwe uli kumakina, amuna ako ali pamsewu, mwana wako watseka makutu."

Mwana amene ankanenayo ndi wanga wamkazi, yekhayo amene ndili naye. Nthawi imeneyo anali atangomaliza sekondale, ndipo ankaonera zake pafoni, tizingwe tili m'makutu, akuseka yekha pakona.

Ndinayesa kuwatengera ku vidiyo za ku boma kuno. Zilipo ndithu, ndipo n'zomangidwa bwino kuposa chisakasa chathu chija, za njerwa, zina mpaka zokupizira mphepo. Koma masiku ano ndi nyumba za mpira. Mumadzaza anyamata obetcha, aliyense diso limodzi kutivi lina pafoni. Filimu amaika pongodikira kuti mpira uyambe, ndipo nthawi ya amayi kulibe. Tinalowa kamodzi, tinakhala kumbuyo, anyamata akutiyang'ana ngati tasochera. Azakhali anandikoka chitenje kuti tizipita.

Ineyo mafilimu a masiku ano ndimaonera, sindinganame. Ndimaimika foni pambali pa makina n'kumasoka. Zithunzi zake n'zoyera, mawu akumveka bwino, ndipo ambiri tsopano ndi opangidwa konkuno ku Malawi, zimene kale tinkangozilota. Koma ambiri sindiwamaliza. Nkhani zake n'za m'nyumba za mipanda, anthu akutsika m'magalimoto, akukangana atakhala pamipando ya sofa. Munthu asanalire, nyimbo yachisoni yayamba kale kukuuza kuti ulire. Woipa amaoneka kuti ndi woipa akangolowa pakhomo, moti palibe chotsutsana. Ena amabwera oduladula, kachidutswa lero kachidutswa mawa, ndipo ukamafika kumapeto waiwala chimene anayambanirana. Anthu a kuchigwa kuno sindiwaonamo. Akapezekamo wolankhula Chisena ndiye kuti ndi mlonda kapena wantchito woti anthu amuseke. Mwina vuto si mafilimuwo. Mwina ndi kuonera wekha, chinthu chili m'manja, choti ukatopa nacho umangochizimitsa popanda wokufunsa kuti bwanji.

Chimene chinawadzutsa azakhali chinachokera kumene sindinkayembekezera. Mwana wanga uja anali m'gulu la zisudzo la achinyamata, ndipo anagwirizana zopanga filimu yawoyawo pogwiritsa ntchito foni ya mmodzi wa iwo. Nkhani anailemba ndi iyeyo. Inali ya mtsikana amene mwamuna wake wamira pa Shire, ndipo apongozi ake akumuthamangitsa pamunda. Anayesa kumuveka mnzawo wina mpango ndi kumupaka phulusa kumutu kuti akhale apongoziwo, koma sizinkaoneka. Tsiku lina tikudya, mwanayo anawayang'anitsitsa azakhali.

"Agogo, simungatithandize inuyo? Mukhale apongozi ankhanza."

"Ine ndilowe m'kanema? Ndi mano awa?"

"Mano omwewo ndi amene tikufuna, agogo."

Azakhali anamuponyera chitsononkho, koma m'mawa mwake anadzuka kusamba kusanatenthe, n'kundipempha chitenje changa chatsopano. Mwanayo anachita kuwachonderera kuti avale chakale.

Ankajambulira kumtsinje, pafupi ndi pokocheza mabwato. Tsiku loyamba ndinatseka makina n'kupita nawo. Mwana wanga anawauza mawu oti anene, anawabwereza kangapo, iwo akungogwedeza mutu. Atangoti tiyambe, azakhali anataya mawu onse aja. Anamuyandikira mtsikana wochita za mkazi wamasiyeyo, anamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kuyamba kumulalatira m'Chisena. Anamuuza kuti anabwera pamudzi pano ndi kathumba kamodzi, kuti ndiwo zake n'zamadzi, kuti mwana wawo ankaonda chifukwa cha iye. Mtsikanayo anadzidzimuka zenizeni, misozi inatsika yosachita kufuna. Wojambula anati basi zakwana, koma azakhali anapitiriza mpaka anamulanda khasu mtsikanayo n'kuliponya m'madzi.

Asodzi anali atasiya maukonde, amayi ochapa ataimirira, a kabaza ataimika njinga. Mayi wina wa m'gulumo anakuwa, "Inu amayi, muopeni Mulungu, mwanayo ndi wamasiye!" Azakhali anatembenuka n'kumuyankha iyeyo, osatuluka m'sewero, ndipo anthu anafa nako kuseka. Mnyamata wina anachita kudumphira m'madzi kukavuula khasu lija, poti linali lobwereka.

Masiku amenewo ndinawaonanso azakhali amene ndinkawadziwa. Ankabwera kunyumba mawu atasasa, akudya kwambiri, akulongosola mmene anawakonzera ana aja nkhani yawo. Anamukakamiza mwana wanga kusintha mathero. Iye analemba kuti apongozi alapa n'kupepesa. Azakhali anakana. Anati mayi ngati ameneyu sapepesa, amangotumiza mwana ndi dengu la mbatata kwa mpongozi wakeyo, osanena kanthu. Anakangana mpaka mwanayo analira, koma pomaliza anajambula za azakhali, ndipo pa filimu yonseyo malo amene ndimawakhulupirira ndi amenewo.

Kujambula kutatha, zidutswa zonse zinapita ku Blantyre ndi mnyamata wina wa m'gululo amene anali ndi mnzake wodziwa kulumikiza pakompyuta. Anati sizitenga nthawi. Azakhali anali atakonza kale mmene zidzakhalire. Sankafuna kuionera kunyumba. Ankafuna ionetsedwe m'vidiyo, masana, ndipo mnzawo wa milamba akatengedwe kumtunda kuja adzakhale kumanzere kwawo.

"Adzanditsutse ndili m'katimo, tione ngati adzathe," ankatero akuseka.

Awiriwa anali asanaonane chichokereni madzi aja. Ankalankhulana pafoni ya mwana wa mayiyo, mwakamodzikamodzi, mofuula ngati akuitanizana kutsidya la mtsinje. Tinagwirizana kuti filimu ikangofika, amuna anga adzapita kukamutenga. Tinkaona kuti n'kwanzeru kuphatikiza zonse ulendo umodzi. Koma ku Blantyre kunali zii. Mwezi unatha, wina unatha. Ankati kompyuta yawonongeka, kenako ankati mnzake uja wapeza ganyu ina. Mvula inayamba, mtsinje unadzaza, njira ya kutsidya inaduka monga imachitira. Mkati mwa dzinja limenelo mwana wa mayi uja anaimba foni kunena kuti amayi ake anadwala masiku ochepa ndipo atisiya. Kumaliro sitinathe kupita. Mabwato sankawoloka.

Ndinawauza azakhali ali pakhonde akusankha nyemba. Sanalire nthawi yomweyo. Anapitiriza kusankha, kenako anati, "Wapita osavomera kuti munthu uja anadya." Atatero anafunda chitenje kumutu, ndipo nyemba zija ndinamaliza ndine.

Mpaka lero ndimaganiza za miyezi imene ija ya chilimwe, njira ili youma, mabwato akuwoloka tsiku lililonse. Panalibe chotiletsa kuwaonetsana anthu awiriwa popanda filimu. Tonse, ndi azakhali omwe, maso anali pa tsiku lalikulu lija.

Filimu inafika mvula itatha. Mwana wanga anaionera yekha poyamba, ndipo ndinaona nkhope yake kuti china chalakwika. Wolumikiza uja anali atadula mbali zambiri za azakhali. Anati anthu a m'tauni sangamve Chisena, atopa nazo. Zimene anazisiya anathirapo nyimbo pamwamba, moti mawu awo ankamveka ngati ali m'chipinda china. Mphepo ya kumtsinje nayo inkawomba m'mawu monse. Kunena zoona sinali filimu yabwino. Zithunzi zinkagwedera, nkhani inkadumpha, ndipo ena mwa anawo ankalankhula ngati akuwerenga pabolodi. Koma mbali ya khasu ija inalimo, ndi ya dengu la mbatata.

Mwini vidiyo ina pafupi ndi pokwerera minibasi anavomera kuionetsa masana a tsiku la pakati pa sabata, mpira usanayambe. Ndinaitana amayi a kumpingo ndi makasitomala anga. Ambiri anati abwera, koma anabwera ochepa. Ena anati aionera pafoni ikaikidwa pa intaneti. Munali ana a gulu la zisudzo, amayi angapo, ndi anyamata amene anafika msanga kudzagwira malo a mpira. Azakhali anavala chitenje changa chatsopano chija. Anayenda okha mpaka kutsogolo n'kukhala pa benchi yachiwiri. Ine ndinakhala kumanja kwawo.

Poyamba anangoika manja pamiyendo. Atadziona akutulukira kuseri kwa bango anagwira pakamwa. Anyamata aja anadzutsa mitu pamafoni, ena anaseka, wina anati, "Eee, agogo awa ndi oopsa." Ndiye inafika nthawi imene apongozi a m'filimuwo ankauza anthu kuti mtsikanayo ndi amene anapha mwana wawo. Ndinamva benchi ikugwedezeka. Azakhali anali ataimirira, chala chili kutivi.

"Bodza! Ukunama iwe mayi! Unamuona ndani akupha? Nkhabe manyazi, ulibe manyazi!"

Ankadzikalipira okha, ndi mtima wonse, ngati munthu wa m'tivimo sanamuonepo chibadwire. Kenako anatembenukira kumanzere, pakamwa pali potsegula, kudikira yankho. Kumanzereko kunali kamtsikana ka m'gulu la zisudzo, kamene kanangowamwetulira mwaulemu. Kumbuyo mnyamata wina anati, "Agogo, takhalani pansi tione nawo." Sananene mwachipongwe. Azakhali anayang'ana uku ndi uku, anakonza chitenje, n'kukhala. Filimu inatha. Anthu anawomba m'manja, ana aja anawazungulira kuwajambula, iwo akungoti, "Takhuta, takhuta," kuthokoza. Tisanatuluke n'komwe, mwini vidiyo anali atasintha kale kuika za mpira.

Panjira anandipempha kuti ndiwagulire masawu. Tinayenda pang'onopang'ono, iwo akudya n'kumalavula nthangala. Ndinawafunsa kuti aiona bwanji filimu yawo.

"Bwanji simunandiuze kuti ndakalamba chonchi?" anatero. Patapita kanthawi anawonjeza, "Koma khasu lija ndinaliponya bwino."

Filimuyo inaikidwa pa intaneti, ndipo anthu ena osawadziwa anayamba kulembapo ndemanga. Ena ankati agogowa ndi mfiti yeniyeni, ena ankafunsa kuti bwanji mawu awo sakumveka, ena ochokera konkuno amene ali kutali ankati amva Chisena cha kwawo ndipo apukwa kumudzi. Mwana wanga ankawawerengera azakhali madzulo tisanadye. Iwo ankamuuza zoti ayankhe, makamaka kwa owanyoza, ndipo ankafunsa mawa lake ngati munthu uja wabwezanso mawu. Kawirikawiri sankabweza. Patapita milungu ndemanga zinasiya kubwera, iwonso anasiya kufunsa.

Anakhala nafe chilimwe china chimodzi. Masana ankakhala pansi pa mtengo wa nimu pafupi ndi pamene ndimasokera, akuyang'ana anthu otsika minibasi n'kumandiuza kuti uyu wathawa mkazi, uyo wabwera kudzapempha. Anamwalira mvula yoyamba itangogwa, atadwala chifuwa. Pamaliro panabwera achinyamata ambiri amene sindinkawadziwa, ndi asodzi ena a kumtsinje kuja. Mtsikana amene anamulanda khasu uja analira kuposa ife achibale.

Mwana wanga tsopano akukonza filimu yachiwiri, ya amayi ogulitsa nsomba. Wandipempha kuti ndisoke zovala zake, ndipo ndavomera. Ndinamuuza kuti ulendo uno asalole munthu kudula Chisena kapena kuchikwirira ndi nyimbo. Anati aona mmene zikhalire, chifukwa wolumikiza ndi yemwe uja, wina sakumudziwa. Nsalu zake zili pano, ndayamba kudula dzulo.